Ndevu za Bambo Ake a Wailesi

Wometa wina anayenda njira yonse akuloweza mawu a chipepeso, koma atangogogoda pakhomo la malemu mnzake, mawu onse anabalalika. Munthu wake anali wosalankhulalankhula. M'shopu yawo yometera wolongolola anali mnzakeyo, amene aliyense ankamutchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira. Iyeyu ankangometa mwakachetechete, Wailesi n'kumaseketsa makasitomala mpaka ena kuiwala zipewa zawo. Tsopano mpando winawo unangokhala, galasi lake likutola fumbi.

Anatsegula chitseko ndi mkazi wa malemuyo.

"Alamu, pepani," anatero wometayo, n'kuthera pomwepo.

"Lowani, alamu. Ife tikuyesetsa kulimba, koma apongozi anga akundiopsa. Chiikireni maliro sakudya, sakulira, sakuyankha munthu. Tiwataya nawonso. Ngakhale ndevu akukana kuti wina azikhudze. Paja ankawameta ndi mwana wawo yekha."

Mkuluyo anali kuchipinda, pampando wa pafupi ndi zenera, ndevu zoyera zitawirira mpaka m'khosi. Mbale ya chakudya inali pansi, yovundikira. Wometayo anamva chisoni chachikulu. Anagwada n'kuika pamiyendo pawo kachikwama kamene anabwera nako.

"Bambo, ndine mnzake wa kushopu. Ndabweretsa zida zake."

Mkuluyo anatsegula zipi, n'kugwiragwira lumo, burashi ndi kathaulo. Kenako anakweza chibwano.

Wometayo anapempha madzi ofunda. Anapaka thovu, n'kuyamba kupala tsaya lamanzere pang'onopang'ono. M'chipindamo munkangomveka lumo lokha.

"Iwe," anatero mkuluyo ndi mawu osasa, "ukumeta ngati wakuba bwanji? Mwana wanga ankalankhula."

Kalanga ine, kumuuza munthu ameneyu kuti alankhule! Koma wometayo anayesa.

"Ankakutchulani tsiku ndi tsiku, bambo. Ankati ndevu zanu ndi waya, zimabunthitsa lumo latsopano."

"Wabodza ameneyo."

"Ankatinso munamukwapula ali mwana, atameta galu wa aneba ndi sizasi ya amayi ake."

"Galu ayi. Anameta mlongo wake."

Mkazi wa malemuyo, amene anaima pakhomo, anagwira pakamwa. Wometayo anapitiriza, nkhani zikungotuluka zokha: mmene Wailesi ankaimbira molakwitsa, mmene ankametera amisala a mumsewu ulere, mmene ankatsekera shopu msanga Loweruka, ati kasitomala wake wamkulu akudikira kunyumba. Atanena zimenezi, lumo linatsetsereka pansi pa khutu. Kadontho ka magazi kanatuluka pathovu.

Wometayo anachita manyazi koopsa. Ntchito imene anakulira, n'kudzacheka nkhalamba yoferedwa!

"Pepani, bambo. Pepani ndithu."

Mkuluyo anakankha thaulo limene wometayo ankafuna kupukutira. Anaika chala pabalapo, n'kuchiyang'ana.

"Nayenso ankandicheka pomwepa," anatero. "Nthawi zonse, akafika apa amakhala ali pakati pa nkhani. Sindinamuuzepo."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Analira mokweza ngati mwana, thovu lili patsaya limodzi, atagwira dzanja la wometayo zolimba. Wometayo anaika lumo pansi, nayenso n'kulira.