Zipere za Mwatsala

Geresomo anawauza mayi ake pa foni mosapita m'mbali kuti mwana akabadwa sabwera naye ku Mlolo ngati mphaka wa zipere uja akadali m'nyumba. Mayi Dailesi anangoti amva. Koma zotaya mphaka wawoyo, Mwatsala, zinali zosatheka. Chaka chimene madzi anakokolola mudzi, awiriwa anakhalira limodzi pa chulu mpaka bwato litabwera, ndipo mnzako amene unaona naye zotere sungamutaye chifukwa cha khungu.

Mlangizi wa ziweto anawapatsa mafuta opaka, n'kuwauza kuti azisamba m'manja akatha. Kusamba ankasamba ndithu. Chimene mlangiziyo sanafunse n'chakuti mphakayo amagona pati, ndipo mayiwo sanaone chifukwa chomuuzira kuti amatsamira pamkono pawo.

Kuyambira pamenepo mtima sunakhalenso m'malo. Kukacha, asanasese n'komwe, ankamunyamula Mwatsala kupita naye padzuwa, kumutembenuza uku ndi uku ngati nsomba ya pamsika. Akapita kudimba sankachedwako, ati mwina wadzikanda. Anansi ankaseka kuti mphaka wapeza namwino, pamene iwo akadwala malungo Mayi Dailesi sabwera n'komwe kudzazonda. Ena anati ampake oyilo wakuda, ena dibi ya ng'ombe. Anthu a kuno mankhwala sawasowa pakamwa, makamaka chodwalacho chikakhala cha mwini.

Pang'ono ndi pang'ono nkhanambo zinayamba kuyoyoka. Kuseri kwa khutu kunamera tiubweya tofewa, kenako pamsana. Uthenga utafika woti kwabadwa mwana wamkazi, mayiwo anavina okha pakhonde, n'kukachapa nsalu zonse ndi madzi otentha.

Pochapapo m'pamene anachiona. Pamkono wakumanzere, m'munsi mwa chigongono, panali kabwalo kotuwa, koyabwa m'mbali. Anakapukuta ndi sopo, sikanachoke. Anachita mantha, ndipo anakwiya osadziwa wokwiyira.

Tsiku lofika alendowo, mayiwo anavala bulauzi ya manja aatali, dzuwa la ku Nsanje likuswa mtengo. Anaivula, anaivalanso. Anapita kumsewu, nabwerera, napitanso.

Geresomo atatsika pa njinga yamoto anayamba ndi mphaka. Anamuunika m'makutu ndi kumimba, n'kuvomereza kuti wachiradi, mayi ake agwira ntchito. Kenako anatenga khanda m'manja mwa mkazi wake, Patience, nagwada.

"Mama, landirani mdzukulu wanu. Dzina mupereka ndinu."

Mayi Dailesi anayang'ana kankhope kaja, khungu lake losalala lisanakhudzidwe ndi kanthu. Bulauzi inali itabisa zonse, palibe akanadziwa. Manja ananyamuka okha, koma anawabweza n'kuwapinda kumbuyo.

"Mpatse mayi ake, mwanangu," anatero. "Ine ndimuonera pompano. Mphaka wachira, koma ine ayi."