Utsi wa Ndege ya a Gregorio

A Faustino ananyamula malaya aja ndi zala ziwiri n'kuwatambasula padzuwa kuti aliyense awaone.

"Alamu, kodi sopo anachita kuthawa pakhomo pano?"

Mayi Mariana anawayang'ana malayawo. Anali atakhala pamphasa atavala zakuda, patsogolo pawo pali mulu wa zovala za amuna awo, a Gregorio, amene anaikidwa m'manda masiku anayi apitawo. Linali tsiku logawa katundu, ndipo a Faustino, akulu awo a malemuwo, anali atachita kuchokera ku Milange kudzayendetsa mwambowo. Malayawo kale anali oyera. Tsopano mbali yonse ya kumanja, kuyambira pathumba mpaka m'munsi, inali yothimbirira ndi mafuta a nsatsi, aja osamva sopo ngakhale uwachape mpaka zala kusupuka.

"Aikeni pambali amenewo, alamu," anatero mayiwo. "Sangapatsidwe munthu."

Kuseri kwa nyumba kunamveka injini ikulira mosongoka ngati udzudzu uli m'khutu. Inalira, n'kulira, kenaka inatsamwa n'kukhala chete. Panamveka mwamuna akufuula kuti "Mayo, chala changa!"

Imeneyo inali ndege ya malemu. Musaganize ndege yokwera anthu, ayi. Kanali kandege ka mapiko otalika ngati munthu atatambasula manja, koyendetsedwa ndi rimoti. A Gregorio, amene anawoloka malire ali mnyamata pothawa nkhondo, anagwira ntchito ya umakaniko pa esiteti ina ya tiyi, ndipo bwana wina pobwerera kwawo anawasiyira kandegeko katathyoka phiko. Anakakonza, n'kumakaulutsa Lamulungu lililonse potuluka ku Misa, pa bwalo la mpira la ku Chinakanaka, kwa zaka makumi awiri ndi mphambu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Annette, anaphunzira kugwira rimoti akadali ku pulayimale. Koma injini ankaigwira ndi bambowo basi.

M'mawa umenewo a Faustino anali atagamula kale.

"Zida za mwamuna zimabwerera kwawo. Koma ine si munthu wolanda. Ikauluka lero dzuwa lisanapendeke, ndiye kuti ili ndi mwini wake pano. Ikakanika ndipita nayo, adzukulu anga azikaikoka ndi chingwe."

A Faustino sanali munthu woipa. Kungoti sanamvetsepo chifukwa chimene mng'ono wawo, bambo wa ndevu zake, ankasewerera ndi chidole.

Kunena zoona, mayi Mariana nawonso ndegeyo sankaikonda. Ankaitchula kuti mkazi mnzawo, poti inkawalanda mwamuna tsiku lopuma n'kuwabwezera malaya onona. Koma lero akaganiza za kandege kaja kakukwekwerezedwa m'fumbi, mtima unkawapweteka. Chinkawadetsa nkhawa kwambiri ndi Annette. Chimwalirireni bambo ake sanagwetse msozi ngakhale umodzi, ankangokhala pakhonde atafumbata rimoti.

Mayiwo anadzuka, n'kukonza nsalu yawo, n'kuzungulira kuseri.

Mkamwini wawo, Paul, anali atagwada pansi pa mtengo wa mapeyala akuyamwa chala. Paul ndi wokonza njinga zamoto pa Chitakale, ndipo anyamata a kabaza amamutama kuti injini amaimva ngakhale ali chotembenuka. Annette anali atagwira mchira wa ndegeyo. Pamalopo pankanunkha chitsulo chopserera.

"Yatenthanso kachiwiri, amayi," anatero Annette mosayang'ana kumwamba. "Ababa ankati ikatentha chonchi kangapo, pisitoni imakandika, ndiye kwake kwatha."

Analoza botolo la mafuta apadera aja, amene malemu ankaitanitsa ku Blantyre n'kuwasakaniza okha ndi a nsatsi. Munatsala okwana zala zitatu basi.

Paul anayamba kuwerenga zimene anachita, akuyang'ana pansi monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi. Timapaipi ta mafuta anatiuzira m'madzi kuti aone ngati tikulowetsa mpweya, koma tinali bwinobwino. Chivundikiro cha kumphuno anachichotsa kuti mphepo izifika pa injini. Pulopela anaika yocheperako kuti injini isalemedwe. Ngakhale kapulagi kaja, kamene kamafiira ndi batire poliza, anasintha.

"Zonse ndachita, amayi. Mwina injiniyi yangokalamba."

Mayi Mariana sakanamutsutsa mkamwini maso ndi maso. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Annette, tawafunsa amuna akowa, bambo a Favour. Utsi uja wapita kuti?"

Paul anamwetulira, nkhope yake n'kuwala. "Umenewo ndiye ndauthetseratu, amayi. Inkafuka zochititsa manyazi, mafuta ali tayale paphikopo. Ndamanga kasingano aka, kamene kamalowetsa mafuta, mpaka utsi wonse watha. Injini yofuka ndi yodwala. Njinga ikatuluka pa ine ikufuka, mwini wake sabweranso."

Mayiwo anapita kumaso kwa nyumba, n'kutola malaya aja pamphasa, n'kubwerera nawo kuseri. A Faustino anawatsatira, ndodo ili m'manja, kuti akaone zimene zikuchitika.

"Ine za injini sindidziwa," anatero mayi Mariana atawatambasula malayawo. "Ndimadziwa zochapa. Tsiku limene bambo ako ankabwera akuimba mluzu, malaya ankakhala atanona chonchi, ine n'kumalalata mpaka Lachiwiri. Koma analipo masiku ena, kale akuphunzira kumene, amene ankabwera malaya ali mbee. Masiku amenewo ndegeyo inkabwera ili m'manja, iwo nkhope ili gwa, chakudya osachikhudza. Ndiye ine ndikuona ngati mafuta otayikawo sankatayika chabe."

Paul anakanda m'mutu. Anayang'ana botolo, n'kuyang'ana injini, n'kuyang'ananso botolo.

"Ilibe poika oyilo payokha," ananena motsitsa, ngati akudziuza yekha. "Oyilo wake ali m'mafuta momwemo. Ndiye pomanga kasingano ndaimana zonse, chofewetsa ndi choziziritsa chomwe."

"Loweruka lililonse ankaiyesa pompano, ine ndikupeta mpunga pakhomo la khitchini," anapitiriza mayiwo. "Ankaisiya ikwere mpaka ilire mosongoka ngati mmene yalirira muja. Ikafika pamenepo ankabweza dzanja, akuwerenga m'Chipwitikizi: um, dois, três. Mawu ake ankatsika, ankanenepa. Akatero ankalavulira timate pamutu pa injini. Tikakhalitsa pang'ono, ankagwedeza mutu kuti zili bwino. Tikangoti tswee n'kuuma, ankabwezanso kamodzi."

"Koma ikatero mphamvu zimachepako, amayi," anatero Paul.

"Eya, zimachepako. Apongozi anu sankafuna kuti chinthu chipereke mphamvu zake zonse. Ngakhale ine kumunda ankandilanda khasu ndisanatope, ine n'kumakwiya kuti mzere sunathe."

Anamusowa mwamuna wawo koposa mmene anamusowera kumanda, ndipo anapukuta m'maso ndi malaya omwewo.

A Faustino anakhosomola. "Um, dois, três," anabwereza pang'onopang'ono. "Pothawa nkhondo paja, mng'ono wangayo ankatikhazika pansi tisanatope. Ine n'kumamukalipira kuti asilikali atipeza. Gulu limene linatipitirira likuthamanga tinalipeza kutsogolo litatheratu, ena atasiya okalamba awo m'njira. Ife tinafika tonse, ndi amayi athu omwe." Anagogoda pansi ndi ndodo. "Tiyeni kubwaloko. Dzuwa silidikira."

Anadikira kaye kuti injini izizire, kenaka anauyamba ulendo, Annette atasenza mapiko, Paul thunthu lake. Anamfedwa amene anali asanabalalike anawatsatira, amayi ena akunong'onezana kuti wamasiye wa masiku anayi akukatani ku bwalo la mpira. Mayi Mariana anawamva koma sanacheuke.

Paul anathira mafuta otsalawo mpaka dontho lomaliza. Analumikiza batire pa pulagi, n'kugwetsa pulopela ndi kamtengo. Inakana kawiri, kachitatu inavomera. Anaisiya ikwere mpaka inayamba kusongoka, kenaka anayang'ana apongozi ake.

"Werengani ndinu, amayi."

"Um," anatero mayiwo, Paul n'kumasula kasingano kamodzi. "Dois. Três."

Mawu a injini anatsika, ananenepa, ndipo utsi woyera unatuluka n'kuwakuta miyendo. Fungo la nsatsi linawafika mayi Mariana m'mphuno, fungo la Lamulungu lililonse la ukwati wawo. Paul anaweramuka atainyamula, n'kuilozetsa mphuno kumwamba kuti amve ngati itsamwe, koma sinatsamwe. Analavulira timate pamutu pake, ndipo tinakhalitsa.

Annette anakankha kandodo ka rimoti. Kandege kanathamanga pa kapinga wouma, kanadumpha kamodzi pa chulu chofafanizika, n'kunyamuka. Kanakwera molunjika phiri, kakusiya mzere wa utsi m'mbuyo, n'kukhota pamwamba pa minda ya nandolo. Kanazungulira bwalolo kanayi. A Faustino anali atavula chipewa, kukamwa kuli yasaa, akukatsata ndi mutu wonse.

Katatera n'kuima pafupi ndi golo, Annette anaika rimoti pansi bwinobwino. Kenaka anakhala pa kapingapo n'kulira mokweza, akuitana ababa ake, kulira kumene anakusunga masiku anayi. Amayi aja anasiya zonong'ona n'kupita kukamugwira.

"Ili ndi mwini wake," anatero a Faustino. "Ndi malaya ajanso atsale, alamu. Ndinalankhula mopusa."

Phiko la kumanja linali litanona lonse, mafuta akuyenderera mpaka kumchira. Paul anasolola kasanza m'thumba la ovolosi kuti apukute, koma mayi Mariana anamuletsa ndi dzanja. Zaka zonsezo ankawafunsa amuna awo chifukwa chopukutira ndegeyo ndi malaya osatenga sanza, ndipo yankho linali limodzimodzi, lakuti sanza zimakhala ndi mchenga, zimakanda penti.

Anagwada pambali pa kandegeko, n'kugwira nsonga ya nsalu yawo yakuda, n'kuyamba kupukuta phikolo pang'onopang'ono, kuyambira kumizu mpaka kunsonga.