Mpando Wakutsogolo

Dalaivala anakhala pachiwongolero, kiyi ali m'manja, koma osaliza galimoto. Panali patatha miyezi inayi chigundireni kamtsikana kamene kanathamangira mumsewu kakutsatira mpira. Mwanayo anamwalira. Khoti linati iye analibe mlandu, koma mtima wake sunamve zimenezo. Limeneli linali tsiku lake loyamba kubwerera pantchito.

"Mulungu, tsiku lija munali kuti?" ananong'ona. "Nanga lero muli kuti?"

Minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza, anthu ayamba kale kung'ung'udza.

"Adalaivala, mukudikira kuti matayala amere mizu?" anakuwa wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

Chitseko chakutsogolo chinatseguka, n'kukwera mayi wina. Dalaivala atamuyang'ana, anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mayi wa mwana uja. Mayiyo nayenso anamuzindikira, ndipo anakhala kanthawi dzanja lili pachitseko ngati atsika. Kenako anachitseka.

"Mayi, ine..." anayamba motero dalaivala.

"Musanene kanthu, achimwene," anatero mayiyo, maso ali kutsogolo. "Inenso ndimamufunsa Mulungu tsiku lililonse, ndipo sanandiyankhebe. Koma m'mawa uliwonse amandidzutsa n'kundiimika ndi miyendo yanga. Pandekha sindikanatha. Lizani galimoto tizipita."

Analiza. Njira inali yomwe ija, yodutsa pamalo angoziwo, ina kunalibe. Atayandikira pamenepo, misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo anagwiritsitsa chiwongolero mpaka zala kuwawa. Pambali pake anamva mayi uja akupemphera chapansipansi. M'pempheromo munali mwana wake, munalinso dalaivala.