Nthochi ya pa Manda a Ba Nedson

Ndinatsika minibasi pa Shimabala dzuwa lili paliwombo, chifukwa miyendo inangofuna kuyenda basi. Kanjira kodutsa m'minda yokolola kale kanandifikitsa kumanda. Pakati pa mitanda panali nthochi imodzi yaitali, yobiriwira ngati ya kudimba, chonsecho udzu wonse unali gwaa kuuma. Patsinde pake panakhala mayi wokalamba, chikwanje chili pamiyendo.

"Abambo, ndimwe a kuno?"

"Iyayi amai, ndine wapaulendo."

"Ndimwe amene nifuna. Bwerani mupatse moni amuna anga." Analoza nthochiyo.

Dzina lawo anali a Clementina, makolo awo anachokera ku Ntcheu. Amuna awo, ba Nedson, atapuma ntchito kufakitale anayamba kuwedza mumtsinje wa Kafue. Tsiku lina bwato linapezeka m'mabango lili lokha. Mtembo sunaoneke, ndiye akuluakulu anati m'manda aikemo thunthu la nthochi m'malo mwa munthu.

"Koma anyamata a mutauni, abambo! Anawauza kuti kaduleni, iwo anakumba na mizu yonse. Mvula itabwera, ba Nedson anamera." Anaseka pang'ono. "Anzawo onse pano agona, iwo okha ali chiimire. Munthu woimirira ningamulire bwanji? Nikafika masamba agwedezeka, mphepo kulibe. Ali moyo sanali kunilandira so."

Mawa lake mwana wawo Gwendolyn anali kubwera kudzawatenga akakhale ku Lusaka, poti maondo anali atakana khasu. Iwo sanafune kuchoka amuna awo asanagone. Nthochiyo inayenera kudulidwa, koma wachibale sangadule, anansi amaopa.

"Imwe sakudziwani. Sadzakulondolani."

"Mwatsimikiza, amai?"

"Akakulondolani, na kayendedwe kanu aka, adzalema ni iwo."

Ndinalandira chikwanje. Nditayandikira, masamba onse anati zii, ngati munthu wagwira mpweya. Ndinatema. Nthochi imakhala ndi madzi, zimenezo ndikudziwa, ndadulapo zambiri. Koma awa anali ozizira, akuda, onunkha matope ndi nsomba, ndipo sanali kuleka. Analowa m'nsapato zanga, nayenderera kupita kumanda ena. Ndinafuna kutaya chikwanje.

"Osawasiya pakati, abambo. Tsirizani."

Ndinatemanso. Thunthu linalira pang'ono n'kugwa, osati kumene ndinalikankhira, koma motsata mtumbira, mutu wake pamtanda penipeni.

A Clementina anakwawa ndi maondo awo ovutawo. Anawongola masamba limodzilimodzi, kulifunditsa thunthulo bwinobwino mpaka kumapazi.

"Gonani manje, atate ake Gwendolyn. Mwaimirira kokwanira."

Kenako anatulutsa mfuu ya maliro, yaitali, imene inadzutsa njiwa m'mitengo. Amayi amene anali kuthirira masamba kumadimba anasiya zitini n'kubwera akumanga zitenje.

"Ambuya, n'chani? Wamwalira ndani?" anafunsa wotsogola.

"Amuna anga," anayankha a Clementina. "Lero lino."