Kaseti ya Gogo Felister

Wailesi inangoti khwee, n'kukhala chete. Ida atatsegula, anapeza tepi yatuluka m'kaseti, yakulungana ngati matumbo a nkhuku. Anakoka pang'ono, tepi ija n'kuduka. Anakhala pansi m'kachipinda kake ku Katlehong, ku Joni, kaseti ili m'manja, misozi osatuluka n'komwe. Mawu a amayi ake anali mmenemo, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Amayiwo, a Felister, anamwalira ku Dedza mu 1996 ali ndi zaka 91, ndipo uthenga unafika ku Joni ataikidwa kale. Anabereka ana khumi ndi mmodzi, asanu n'kuwaika m'manda ndi manja awo, koma Misa ya Lamulungu sankaiphonya ngakhale mtsinje udzaze. Maso atafa, ankapitabe ndi ndodo, korona ili m'khosi. Kulemba sankadziwa, choncho anajambulitsa mawu awo n'kupatsira munthu wobwera pa basi. M'kasetimo ankadandaula za bondo, ankakalipira Ida kuti asasiye kupemphera, ndipo kumapeto ankatchula mmodzimmodzi akufa onse a pamtundu amene ankawapempherera tsiku ndi tsiku.

Tinene zoona, Ida anali waumbombo ndi kaseti imeneyi. Lamulungu masana ankakoka katani yogawa chipinda, n'kumamvera yekha, mtima uli kumudzi. Mwana wake Madaliso, mtsikana wa zaka 19 amene anachoka ku Malawi ali wamng'ono, ankangouzidwa kuti, "Usakhudze." Ida akamaliza kumvera ankaiika pawindo, padzuwa penipeni.

Tepi itaduka, Ida anatenga kasetiyo kupita nayo kwa a Bonaventure, bambo a ku Chipata olondera pa fakitale ina ku Alrode, amenenso ankatsogolera mphakati wawo wa tchalitchi.

"Kwagwanji, mayi a Madaliso?"

"Amayi andisiya kachiwiri," anatero Ida, ndipo apa misozi inabwera.

A Bonaventure anadula pamene panakwinyika, analumikiza ndi selotepi, n'kukulunga ndi pensulo. Ataiika m'wailesi, mawu a gogo anamvekanso, bondo lija likupwetekabe. Koma atafika pa mayina, anatchula anayi okha n'kulumphira pa "Amen."

"Anali mayina angati?" anafunsa a Bonaventure.

"Sindikudziwa. Ine ndinkangomvera mawu awo. Ndinkati mayinawo kaseti ikundisungira."

"Kaseti sisunga chinthu mpaka kale, mayi. Imatha ndi dzuwa, imathanso ndi kuimvera. Munalemba penapake? Munajambulako ina?"

Ida anapukusa mutu. Mwezi wa Novembala unali pafupi, pamene Akatolika amalemba mayina a akufa awo kuti awapempherere pa Misa. Chiyambire utsikana wawo, a Felister sanasiyepo dzina ngakhale limodzi. Tsopano mayinawo anali atathera m'manja mwa mwana wawo, m'dziko la eni.

Atabwerera kunyumba, anapeza Madaliso akusita. Anamufotokozera mwachidule, osamuyang'ana kumaso. Madaliso anaika ayironi pansi.

"Amayi, musakwiye. Katani ija simatseka makutu."

Ndiye anayamba, ndi Chichewa chake chosakanikirana ndi Chizulu, koma akukoka mawu monga ankakokera gogo: "Labani bambo anga, Debora mayi anga, Simoni mwamuna wanga, Geoffrey mwana wanga woyamba..." Anapitirira osapunthwa mpaka mayina khumi ndi asanu ndi awiri.

"Unawaloweza liti?" anafunsa Ida.

"Zaka zonsezi. Gogo sindikuwakumbuka nkhope. Ndinkafuna ndiwadziweko."

Ida anachita manyazi, ndiponso anamva chisoni. Iye ankayesa kuti wosowa gogo ndi yekha.

A Bonaventure atamva, sanasekerere ayi. "Mwapulumuka mwamwayi. Tsopano tichite zolongosoka." Anabwereka wailesi ya makaseti awiri, n'kujambula mawu a gogo otsalawo m'makaseti atatu. Imodzi inakhala ya Madaliso, ina inatumizidwa ku Dedza kwa achimwene a Ida, a William, ndipo yachitatu inalowa m'sutikesi, kutali ndi dzuwa. Anawauzanso kuti agule kope. Lamulungu lililonse katani inali yotsegula: Ida ankafotokoza, Madaliso akulemba. Analemba mudzi umene gogo anabadwira, chaka chimene anabatizidwa, chaka cha njala pamene ankagawa ufa wawo kwa ana amasiye, ndi mmene ankatsinira khutu mdzukulu wosinza pa korona. Pena ankaseka, pena cholembera chinkaima kaye.

Novembala atafika, mphakati unakumana pakhomo pa a Bonaventure. Aliyense ankawerenga mayina a kwawo asanakawapereke ku tchalitchi. Ida anapereka pepala kwa Madaliso. Mtsikanayo anawerenga onse khumi ndi asanu ndi awiri, n'kuwonjezera limodzi limene m'kaseti munalibe.

"Felister, agogo anga."

Ida anayankha kuti, "Amen."

Inu amene muli kutali ndi kwanu, mbiri ya makolo musaisunge nokha kapena pamalo amodzi. Ilembeni, jambulani makope angapo, ndipo uzani ana anu lero. Nawonso akuwasowa agogo awo, ngakhale sanena.