Zaka Zisanu ndi Zinayi Tili Opanda Wansembe

Amuna anga, a Anselmo Murrula, anali kalipentala, ndipo ukatekisti anachita kukakamizidwa. Padiri wathu pothawa nkhondo m'chaka cha 1984 anangowasiyira kiyi wa tchalitchi ndi buku la mapemphero, n'kunena kuti, "Ndibwera mvula ikatha." Sanabwerenso. Tinadzamva kuti anamwalira kwawo.

Tinkakhala kuseri kwa minda ya tiyi, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera ku Gurue. Patangotha sabata imodzi Padiri atachoka, uthenga unafika m'mawa wakuti amfuti akubwera akutentha midzi. M'mawa womwewo a Anselmo anali atamenyana ndi mng'ono wawo Faustino chifukwa cha malire a munda, mpaka kumugulula dzino. Tonse tinathawira kuphiri, koma iwo anapotoloka n'kuthamangira kutchalitchi. Anatipeza masana, utsi uli tolo kumudzi, nkhope yawo ili ngati ya munthu wochokera kumanda.

Chimene chinachitika anandiuza patapita chaka. Tinali kusenda chinangwa pakhomo pa msasa wathu kuthengo.

"Mayi a Celeste, ine ndinachita chinthu choopsa. Mu kabokosi ka paguwa munatsala Ukaristia. Ndinaopa kuti aupondaponda kapena upsa. Ndinathyola kabokosiko ndi tchizulo, ndinagwira Thupi la Ambuye ndi manja angawa, ndinadya lonse. Manja omwewo ali ndi magazi a m'bale wanga, osalapa."

"Nanga mukanatani?"

"Sindikudziwa. Koma Malembo amati wodya mosayenera amadzidyera chiweruzo."

Ine sukulu sindinapite, ndipo wansembe woti tikamufunse kunalibe.

Munthu wina akanasiya zopemphera, poganiza kuti watayika kale. Iwo ayi. Lamulungu lililonse ankasonkhanitsa anthu, poyamba pansi pa mtengo wa mango, kenako m'mapanga, kenako paliponse pamene nkhondo yatikankhira. Ankabatiza makanda ndi madzi a m'chikho, ankaika maliro, ankaphunzitsa ana Atate Athu monong'ona. Zovala zitatha tinavala ziguduli, ndipo iwo ankatsogolera mapemphero atavala chiguduli chochapa bwino. Anakapepesa kwa Faustino, nam'patsa ndime yonse imene ankalimbirana ija. Komabe mtima wawo sunakhale pansi.

Tsiku lina ndinatopa nazo. "Inu, ngati mukuti Mulungu anakutayani, mukuvutikiranji ndi maulendo onsewa? Taonani mapazi ang'ambikawa!"

"Ine mwina sandimvera," anatero, "koma anthuwa awamvera. Ndikasiya, awasonkhanitse ndani?"

Nkhondo inatha, tinabwerera kumudzi, tinafolera makoma a tchalitchi ndi udzu. Chaka chotsatira kunabwera wansembe watsopano, Padiri Amandio, wa ku Quelimane, wochepa msinkhu ngati mwana wathu woyamba. Anabwera wapansi chifukwa mumsewu munali mudakali mabomba okwirira. Amayi tinavina mpaka fumbi kobo. A Anselmo okha anali atasowa mtendere. Masiku atatu sanadye bwino.

Misa isanayambe, Padiri anaimirira pakhomo la tchalitchi n'kufunsa kuti, "Amene anasunga mpingo uno zaka zonsezi ndani? Abwere kuno, andithandize paguwa."

Anthu onse anacheuka. A Anselmo anali kumbuyo kwenikweni, atazolika.

"Pitani, inu!" Ndinawagwira mkono.

"Sindingayandikire paguwa."

"Ndiye kaneneni nokha, apo ayi ndikanena ndine. Ndatopa kugona ndi munthu wobuula."

Anapita. Sanadikire n'komwe kuti akhale awiri, anagwada pomwepo pakhomo, nafotokoza zonse anthu akumva: ndewu, dzino, tchizulo, Ukaristia. Atamaliza anati, "Padiri, ngati ubatizo wa ana onsewa sunagwire chifukwa cha ine, muwabatizenso. Iwo sanalakwe."

Padiri anawayang'ana, nawafunsa:

"Bambo, munawabatiza ndi madzi, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera?"

"Eya, Padiri."

"Ndiye ndi obatizidwa, palibe chobwereza. Nanga pamene munkathamangira kutchalitchi kuja, za m'bale wanuyo zinkakupwetekani mumtima?"

"Ndinalira njira yonse."

"Anthu onse akuthawa moto, inu munathamangira komwe kunali motoko. Ndikanakhalapo ine, ndikanachita zomwezo, ndipo Mpingo umafuna zimenezo. Simunanyoze Ambuye, bambo, munawabisa. Dzukani, maondo angafe."

A Anselmo sanadzuke. Anangoyang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasa. "Ndiye kuti... palibe mlandu?"

"Wa dzinowo ulipo. Tiyeni pansi pa mtengo apo tikathane nawo."

Faustino anakuwa ali pakati pa anthu, "Padiri, mlandu umenewo tinagamula kale! Dzinolo linali lobooka, achimwene anangondithandiza!"

Anthu anaseka mpaka misozi, ena akulira zenizeni. Kulapa kwawo sikunatenge nthawi. Pobwera pamtengo paja ankayenda ngati atula thumba la chimanga. Pa Misa anaimirira pambali pa Padiri atagwira mbale, ndipo polandira Ukaristia misozi inkatsikira m'ndevu. Ine amene ndinali pamzere kumbuyo kwawo ndinaiwala n'kuyankha komwe kuti Amen.

Padiri ananyamuka m'mawa mwake kupita kumidzi ina, atatiuza poyera kuti ali yekha pa matchalitchi makumi atatu, choncho tisamuyembekezere msanga. A Anselmo anamuperekeza mpaka kumtsinje. Atabwerako anakhala pakhonde n'kutambasula miyendo.

"Mayi a Celeste, nyemba za kalongonda zija zatsalako?"

Ndinawapakulira mbale yodzaza. Anamaliza, napempha ina. Kenako anayala mphasa pamthunzi wa nthochi, dzuwa lili paliwombo, anagona tulo tofa nato. Nkhuku zinkayenda pamiyendo pawo osamva. Anthu awiri anabwera kudzawafuna za chitseko, ndinawabweza kuti abwere mawa.