Kubwereka Mipando ku Chelstone

Thandazani atapangira mpingo wakwawo ku Chelstone webusaiti, anachita ulesi pamalo amodzi: fomu yobwerekera mipando anaiika mkati mwa fomu yolembetsera ukwati. Munthu akatumiza yaing'onoyo, yaikulunso inkapita, ndipo pamalo a mkwati ndi mkwatibwi kompyuta inkangolembapo anthu awiri omaliza kubwereka.

Lamlungu mlembi wa mpingo analengeza kuti Ba Phineas Tembo, amene mkazi wawo anamwalira kalekale, akwatira Ba Petronella ogulitsa tinsomba ta kapenta ku Kabwata. Mapemphero atatha Thandazani anathamangira kwa Ba Phineas.

"Ba Tembo, pepani, ni kompyuta yalakwitsa. Nizakonza lelo."

"Iwe mwana, zalengezedwa pamaso pa Mulungu," anatero Ba Phineas. "Ufuna nikane? Ankhoswe natuma kale."

Ba Petronella anangofunsa ngati bamboyo amamwa. Atamva kuti samwa, ukwati unachitika, anthu atakhala pamipando yobwereka ija.

Thandazani anafunabe kukonza, koma akulu ampingo anamuletsa kukhudza chilichonse. Mbeta zinayamba kubwereka mipando popanda maliro kapena phwando. Mnyamata wina wa kwaya anabwereka pa nthawi yolakwika, n'kukwatira mphunzitsi wake wakale wa masamu, ndipo sanadandaule.

Pofika Disembala mpingo wonse unkapemphera choimirira. Ali chiimire choncho, Thandazani anamva mlembi akutchula dzina lake pamodzi ndi la Bethany, namwino wa ku Woodlands. Iye sanabwerekepo mpando chibadwire. Kenako anakumbukira kuti dzulo lake amayi ake anamubwereka foni.